Nyumba ya pa Chikuto

Gladness anatsika kabaza pafupi ndi msika wa Kasungu atafumbata fulashi ya zithunzi za kwaya yawo ngati dzira. Akuluakulu a kwayayo anamutuma kwa Lucious, mnyamata wokonza zikuto za ma DVD, ndipo sanavutike kumupeza. Kashopu kake kanali pakati pa malo ometera ndi sitolo ya feteleza, sipikala ikulira pakhomo, khoma lonse litamatidwa zikuto.

Ntchito yake inali yochepa: kupereka fulashi, kutchula dzina la kwaya, n'kubwerera ku esiteti. Basi. Koma Gladness anali munthu wa mafunso chibadwire. Mtsikana ameneyu ankatha kuimitsa dalaivala wa thalakitala n'kumufunsa chifukwa chake matayala akumbuyo ndi aakulu kuposa akutsogolo, osachoka mpaka ayankhidwe. Ndiye mumuike pamaso pa khoma lotere, muziti atuluka msanga?

Anayamba kuziyang'ana chimodzichimodzi. Oimba zauzimu onse anali atayang'ana kumwamba, manja ali pachifuwa. Oimba zachikondi anali atayang'ana iwe wogulawe, wina atatsamira galimoto, wina atagwira duwa. Kumbuyo kwa aliyense kunali mitambo yoyera, kapena nkhunda, kapena mathithi. Mathithi ku Kasungu kuno, dziko loyalidwa ngati mphasa!

"Achimwene, anthu onsewa anapita kukajambulitsa ku mathithi amodzimodzi?"

Lucious anatembenuka, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Anamukokera mpando. Anamuuza kuti mathithiwo ali m'kompyuta, ndipo chikuto chili ndi malamulo ake, osalembedwa paliponse koma odziwika kwa aliyense wa ntchitoyi. Dzina la chimbale likhale pamwamba, zilembo zonenepa zagolide, zoti munthu ali m'minibasi awerenge. Woimba zauzimu asayang'ane wogula, ayang'ane kumene nyimbo ikuchokera. Nkhunda iulukire kudzanja lamanja. Mayina a nyimbo ndi manambala a foni apite kuseri. Ikakhala kwaya, wotsogolera akhale wamkulu, kuyambira m'chiuno kukwera, ena onse akhale timitu ting'onoting'ono pamzere m'munsi mwake.

Gladness anafunsa chifukwa chake, poti kwaya ndi anthu onse.

"Wogula sangakonde gulu lonse nthawi imodzi," anatero Lucious. "Amakonda nkhope imodzi. Ndipo ya kwaya yanu ndaiona kale, ili pampando wangawu."

Abale, anyamata a pa boma ali pakamwa! Gladness anayang'ana pansi, n'kumuuza kuti atsegule fulashi asiye zocheza.

Zithunzi zinatuluka. Kwaya ya Mbandakucha inali itaima kutsogolo kwa chigafa, fodya akulendewera kumbuyo kwawo. Anali anthu a ku Phalombe, ku Mulanje, ena a ku Machinga, olima fodya wa bale pa esiteti ina chakumadzulo kwa boma. Gladness ndiye ankatsogolera nyimbo. Kumapeto kwa mzere kunali bambo ake, a Samsoni, oimba besi, atavala jekete lawo lakalekale lomwe ankapita nalo ku tchalitchi, ku maliro ndi ku ukwati komwe.

"Ndife matenanti," anatero Gladness. "Awa ndi bambo anga."

Mawu amenewa anaphunzira kuwanena msanga, munthu asanazitulukire yekha n'kusintha nkhope. Ankaidziwa nkhope imeneyo. Anaiona kusukulu, kuchigayo, ngakhale ku misonkhano ya achinyamata a mpingo. Eni dziko ankati matenanti ndi anthu obwera pa lole, odzachokanso pa lole, opanda manda kuno.

Lucious sanasinthe nkhope. Anangoti, "Ndiye?" n'kupitiriza kudina batani.

Liwu limodzi lokhalo, mtima wa mtsikana unagwa pomwepo.

Anasendeza mpando kuti aone bwino. Lucious anamuzunguliza kamzere pa sikirini, kuyambira pa duku, paphewa, mpaka m'chiuno, kenaka anadina. Chigafa chinasowa. Fodya anasowa. Gladness anatsala yekha pamalo oyera mbee, ngati munthu wopanda kwawo. Asanadandaule, kumbuyo kwake kunamera nyumba yosanja, ya makonde ndi magalasi, udzu wodulidwa bwino, galimoto yakuda ili pakhomo.

Anafunsa kuti nyumbayo ndi ya yani. Lucious anati sakudziwa, anaitola pa intaneti, ndipo inagwirapo kale ntchito pa chimbale cha mlaliki wina wa ku Chamama. Anafunsa ngati mwini wake akudziwa kuti kwaya ya matenanti ikuimbira pakhomo pake. Anafunsa ngati Mulungu sakwiya ndi bodza lotere pa nyimbo zake.

"Si bodza ili, achemwali, ndi pemphero," anatero Lucious. "Anthu sagula kumene ali. Amagula kumene akufuna kukafika."

Kenaka anakulitsa manja ake pa sikirini. Inali nyengo yothyola fodya, ndipo zala za Gladness zinali zakuda ndi phula lomwe sopo amalephera. Lucious anazipukuta ndi kompyuta pang'onopang'ono mpaka zinasalala ngati za mtsikana wa ku banki. Gladness anayang'ana zala za pa sikirini, anayang'ana zake, n'kuseka. Lucious anatenga dzanja lenilenilo, n'kunena kuti iye wakonda ili.

Chikuto chinatha tsiku lomwelo. Koma Gladness anabwereranso Loweruka lotsatira, akuti kudzaona ngati zilembo zili bwino. Anabweranso lina, akuti nkhunda yaoneka ngati nkhuku. Anzake a m'kwaya anayamba kutsinana. Chikuto chanji chosatha ichi?

Mauthenga anayamba. Foni inkanjenjemera iye ali pakati pa mizere ya fodya, n'kuigwira ndi kansonga ka chitenje kuti asaidetse.

"Gile, duwa langa, wadzuka bwanji? Ndayang'ana nkhope yako pa sikirini mpaka kasitomala wapsa mtima."

"Gwirani ntchito bambo inu, mudzagona ndi njala."

"Njala yanga ndi iweyo."

Ankayankha mokalipa, koma uthenga uliwonse ankauwerenga mobwerezabwereza ali m'chigafa, singano yosokera fodya ili m'manja. Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe", Lucious anasanduka Lu. Loweruka masana ankakhala pafupi ndi depoti kudya chipisi m'mbale imodzi, Gladness akufunsa, Lucious akuyankha. Chifukwa chiyani oimba zachikondi savala zoyera? Ndani anayambitsa zoti golide ndiye mtundu wa madalitso? Nanga munthu wosaoneka bwino koma woimba bwino amamutani? Lucious anati ameneyo amamuika patali, n'kukulitsa nkhunda. Gladness anaseka mpaka chipisi chinamutsamwa.

Anali pa chikondi, ndipo sanabise. Koma funso limodzi ankalizengereza, iye amene sankazengereza funso.

Kwawo kwa Lucious kunali ku Kapelula. Bambo ake anamwalira, kunatsala mayi ake, aNambewe, mayi wa mvano wolemekezeka m'mudzi. Kale, fodya ali ndi phindu, banjali nalo linkasunga matenanti kuseri kwa munda. Gladness atamva zimenezi mtima unamuzizira. Komanso a Samsoni anali atanena kale kuti fodya wa chaka chino akagulitsidwa, banja lonse libwerera ku Phalombe, msana wawo watopa. Gladness akanatsala ku Kasungu pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo chifukwacho chinali chitakhala pambali pake chikunyambita mchere ku zala.

Anafunsa. Kodi aNambewe angalandire mwana wa tenanti kukhala mpongozi wawo?

Lucious anamugwira manja onse awiri, pamaso pa anyamata a kabaza.

"Gile, moyo wanga, ngakhale Kasungu yense atakana, ine ndidzakutenga. Amayi ndawauza kale za iwe. Akungofunsa kuti ubwera liti."

"Wawauza zonse?"

"Zonse."

Ndani sakanakhulupirira? Gladness anabwerera ku esiteti akuimba, wa kabaza mpaka anamufunsa ngati wapambana mpikisano.

DVD inatuluka. Tsiku lokhazikitsa chimbale tchalitchi chinadzaza, ndipo anthu ankaitembenuza m'manja, kuyamikira zilembo, kufunafuna mitu ya abale awo pamzere wa m'munsi. A Samsoni atadzipeza anaseka, n'kunena kuti mutu wawo wachepa ngati nsawawa, komabe ndi wawo. Lucious anabwera atavala tayi, anawagwadira powapatsa moni, ndipo mkuluyo anamukonda. Anagwirizana kuti Gladness ayambe wakaonekera kwa aNambewe, kenaka sabata yotsatira amalume a Lucious abwere kudzafunsira mbeta.

Tsiku lokaonekera Gladness anavala diresi lake la buluu ndi chitenje chatsopano. Zala anazikwecha ndi mandimu mpaka zinawawa. M'minibasi Lucious sanalankhule kwambiri. Anangomupempha kuti akafika asachulutse mawu, amayi ndi munthu wachikale, sakonda mtsikana wolongolola. Gladness anaona kuti ndi malangizo abwino, poti pakamwa pake ankapadziwa.

Anawalandira ndi nthungululu. Amayi a m'mudzi anali atasonkhana pakhonde, ena atavala za ku tchalitchi. ANambewe anamukumbatira, anamulanda kachikwama, n'kumulowetsa m'nyumba. Gladness anafuna kukhala pamphasa monga mwa ulemu, koma anamukweza pa mpando wa khushoni. Panali nkhuku, mpunga, ndi zakumwa za m'botolo. ANambewe ankangopepesa: apepese nyumba ndi yaing'ono, apepese fumbi, apepese mbale ndi zakale. Atadzuka kuti akathandize kukhitchini, anamubweza, akuti utsi ungamupweteke maso.

Utsi? Iye amene anakulira m'kanyumba ka udzu, kophikira momwemo, kogona momwemo? Anadabwa, koma mtima unasefukira. Anaganiza kuti mayiwa akuchita dala kumukweza kuti asadzione wotsika. Anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

Atatha kudya, aNambewe anamugwira dzanja n'kupita naye pakhoma. Pambali pa chithunzi cha malemu amuna awo panali chikuto chija, chokulitsidwa, chili m'felemu yagalasi. Amayi a pakhonde analowa n'kuunjikana kumbuyo kwawo.

"Ndiye chipinda chanu ndi chiti pamenepa, mwana wanga?"

Gladness anaseka. Palibe wina anaseka. Nkhope zonse zinali zikudikira yankho, mwaulemu, mwachidwi.

Anatembenukira kwa Lucious. Apa ndi pamene mnyamata akanaseka naye, n'kufotokoza za intaneti ndi za mlaliki wa ku Chamama. Lucious anayang'ana botolo lake.

"Ndi chapamwambachi, amayi," anatero. "Cha khondechi."

Amayi aja anang'ung'udza mosirira. Gladness anamuyang'anitsitsa Lucious. Kodi wamva bwino? Kodi ndi nthabwala ya pabanja pano yomwe iye sakuidziwa?

ANambewe anali asanamalize. Chala chawo chinatsika pa galasi mpaka pamzere wa timitu. Ananena kuti Lucious anawafotokozera zonse: awa ndi matenanti a pa esiteti ya bambo ake a Gladness, ndipo mtsikanayu, mwa mtima wake wabwino, amawaphunzitsa kuimba. Anamuyamikira kwambiri. Anati iwo anawasungapo anthu amenewa, amawadziwa, si anthu oyandikana nawo kwambiri, koma poti ndi ntchito ya Mulungu palibe kanthu. Chala chinaima kumapeto kwa mzere.

"Taonani mkuluyu, akuchita kumvetsa chisoni. Mukawauze bambo anu amugulireko jekete."

Gladness anadikira. Anamupatsa Lucious mpata, mpata wonse womwe mtima wa mtsikana ungapereke. Anamuyang'ana, akumupempha ndi maso kuti anene liwu limodzi lokha. Lucious anatulutsa foni m'thumba n'kuyamba kuiyang'ana ngati yalira.

"Amayi," anatero Gladness, mawu ali phee, "awa ndi bambo anga. Dzina lawo ndi a Samsoni. Amasoka fodya pa esiteti ya eni ake, ndipo ine ndimasoka nawo. Nyumbayi sindinaionepo."

Mayi wina anatsokomola, wina anayamba kusuzumira panja ngati waitanidwa. ANambewe anachotsa chala pa galasi. Sanayang'ane Gladness, anayang'ana mwana wawo, n'kumutchula dzina kamodzi kokha. Mnyamata sanadzutse mutu.

Gladness anagwada, anathokoza chakudya ndi ulemu wonse, anatenga kachikwama kake n'kutuluka.

Lucious anamupeza pa msewu, akupuma wefuwefu. Mawu anali ambiri. Anati sanakonze dala. Anangobwera ndi chikuto kudzaonetsa amayi ntchito yake, iwo ataona nyumba anaimba nthungululu, anaitana anzawo, ndipo iye analephera kuwakhumudwitsa. Anati amayi ali ndi BP. Anati bodza limodzi linaitana linzake. Anati ankafuna awauze ukwati ukachitika, atamuzolowera, atamukonda. Anamutcha duwa, anamutcha moyo, anamutcha mayi wa ana ake.

Gladness ankalira, komatu ngakhale pamenepo mafunso sanamuthere. Panali chimodzi chomwe sankachimvetsa, ndipo anafuna kuchimvetsa.

"Nanga amalume ako sabata yamawa ukanapita nawo kuti? Ku chigafa?"

Lucious anati anali atalankhula kale ndi mnzake wina wa pa boma, yemwe bwana wake ali ndi nyumba yabwino pa bomapo koma anachokapo, ali ku Lilongwe. Akanakumana m'nyumba imeneyo. A Samsoni akanawabwereka suti, n'kuwapempha kuti asalankhule zambiri.

Ananena zimenezi ngati munthu woyembekezera kuyamikiridwa chifukwa cha nzeru zake. Apa ndi pamene chikondi chinathera. Bodza la mantha Gladness akanalikhululuka mwina, tsiku lina. Koma izi zinali zokonzedwa, zoyezedwa, mpaka saizi ya suti.

"Unaganiza zonse, Lu," anatero. "Bambo anga anakugwira dzanja m'tchalitchi, iwe ukuwayeza mapewa."

"Gile, ndimakukonda. Ndichite chiyani?"

"Bwerera kwa amayi ako. Ali okha ndi manyazi ako m'nyumbamo."

Minibasi inafika, ndipo anakwera osacheuka. Njira yonse foni inkanjenjemera m'kachikwama. Anatsegula uthenga umodzi wokha. "Wapamtima wanga, usandisiye, popanda iwe ndine ndani?" Anaizimitsa foniyo. Funso limenelo analibe nalo chidwi.

Anafika ku esiteti dzuwa litapendeka. Pakhomo pawo panali patasesedwa mpaka kumsewu, khoma la kanyumba litazilidwa dothi latsopano. Chapatali anaona bambo ake akubwera kuchokera ku tchalitchi, benchi ili pamutu, mipando iwiri ya pulasitiki ili m'manja, akung'ung'udza besi yawo. Msana umene ankaudandaula uja anali atauiwala.

Anatula katundu akumwetulira. Anati abusa awabwereka mipandoyi sabata yonse, alendo a ku Kapelula asadzakhale pansi ngati kuno kulibe anthu. Anati benchi ina akatenga mawa. Kenaka anafunsa ngati anamulandira bwino.

Gladness anati anamulandira bwino kwambiri, anamuphera ndi nkhuku yomwe.

A Samsoni anamuyang'ana m'maso, ndipo kumwetulira kunayamba kuchoka. Anali munthu woti wakhala zaka zambiri pa minda ya eni ake, sankafunika kuuzidwa zambiri.

"Anena zoipa za ife, mwana wanga?"

"Ayi, bambo. Za ife Lucious sanawauze n'komwe."

Mkuluyo anakhala pa benchi ija kanthawi, manja ali pa mawondo. Gladness anapukuta misozi ndi chitenje chake chatsopano, n'kunyamula mipando iwiri ija.

"Tiyeni tikabweze kusanade," anatero.

A Samsoni anadzuka, anasenza benchi, ndipo anatsogola.